Gemu mwini wake ndani? Momwe opanga, ofalitsa ndi eni makina amagawirana msika

Pa 13 Okutobala 2023, kampani ya Microsoft ya m'dziko la America idamaliza kugula kampani ya Activision Blizzard pamtengo wa madola 68.7 biliyoni, ndalama zomwe zidali zisadaperekedwepo pogula kampani yopanga masewera a pakompyuta.

Malondawa adatenga miyezi 21 kuti atheke kaamba koti mabungwe oona za mpikisano pa malonda ku America, ku Britain ndi m'maiko a ku Ulaya adayamba aunika kaye ngati sadzapweteka ogula. Nalo dziko la South Africa lidaiona nkhaniyi ndipo lidavomereza mu Julayi 2023.

Chomwe chidautsa mapiri pachigwa chidali gemu ya nkhondo yotchedwa Call of Duty. Kwa zaka zambiri gemuyi idakhala ikutuluka pa makina a Xbox, omwe ndi a Microsoft, komanso pa PlayStation, omwe ndi a kampani ya Sony ya ku Japan. A Sony adali ndi nkhawa yoti Microsoft ikangokhala mwini wa gemuyi, tsiku lina ikhoza kuichotsa pa PlayStation ndipo osewera miyandamiyanda angasamuke nayo.

Kuti munthu amvetse mkanganowu, ayenera kudziwa kuti masewerawa, omwe achinyamata amangowatcha magemu, ali ndi magulu awo pa malonda. Osewera amawagawa potengera zochitika zake, monga a mpira, a nkhondo kapena a mpikisano wa magalimoto. Amalonda amawagawa potengera ubale wa mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi ya opanga gemu, omwe ndi akatswiri olemba mapulogalamu, ojambula zithunzi, opeka nkhani ndi okonza nyimbo, ndipo malo awo antchito amatchedwa situdiyo. Yachiwiri ndi ya ofalitsa, omwe amapereka ndalama zopangira gemu, kuitsatsa ndi kuifikitsa kwa ogula. Yachitatu ndi ya eni makina osewerera, ndipo akuluakulu alipo atatu: Sony, Microsoft ndi Nintendo, yomwenso ndi ya ku Japan.

Gemu ikapangidwa ndi situdiyo ya mwini makina, m'Chingerezi amati ndi ya first-party, titero kuti ndi ya m'nyumba. Super Mario ndi The Legend of Zelda ndi za m'nyumba ya Nintendo, ndipo n'chifukwa chake munthu sangazipeze pa PlayStation. Ikapangidwa ndi kufalitsidwa ndi kampani yomwe ilibe makina akeake, amati ndi ya third-party, kutanthauza yakunja. Gemu ya mpira ya kampani ya Electronic Arts, yomwe idadziwika ndi dzina loti FIFA kufikira pomwe idasintha n'kukhala EA Sports FC mu 2023, ndi ya gulu limeneli, ndipo imapezeka pa makina a eni onse atatu. Pakati pa magulu awiriwa pali lina lotchedwa second-party, lomwe malire ake ndi ovuta kuwaloza.

Magawidwewa sadalembedwe ndi boma lililonse. Adachokera ku mkangano wa malipiro womwe udabuka pa kampani ya Atari ku America.

Atari idatulutsa makina ake otchuka a VCS, omwe pambuyo pake adatchedwa Atari 2600, m'chaka cha 1977. Pa nthawiyo magemu onse a makinawa ankapangidwa ndi antchito a Atari yomweyo, ndipo ankagulitsidwa m'timabokosi tolowetsa m'makinamo totchedwa makatiriji. Olemba magemuwo ankangolandira malipiro a pamwezi, ndipo maina awo sankalembedwa paliponse. Mmodzi mwa iwo, a Warren Robinett, adachita kubisa dzina lawo m'kachipinda kobisika mkati mwa gemu ya Adventure kuti mabwana asalione.

M'chaka cha 1979, akatswiri anayi, a David Crane, a Larry Kaplan, a Alan Miller ndi a Bob Whitehead, adapita kwa mkulu wa kampaniyo, a Ray Kassar, kukapempha kuti azipatsidwa gawo la phindu komanso kuti maina awo azitchulidwa. Malinga ndi zomwe a Crane akhala akufotokoza, magemu a anthu anayiwa ndiwo ankabweretsa pafupifupi 60 peresenti ya ndalama za makatiriji a Atari. A Kassar adakana pempholo.

Anayiwo adasiya ntchito, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adagwirizana ndi a Jim Levy, omwe adali katswiri wa zamalonda, n'kukhazikitsa kampani ya Activision. Iyi idali kampani yoyamba kupanga magemu a makina omwe sadali ake. M'timabuku ta malangizo a magemu ake inkaikamo dzina ndi chithunzi cha wopanga.

Atari idakasuma kukhoti mu 1980, koma mlanduwo udathera kunja kwa khoti mu 1982 pomwe mbali ziwirizi zidagwirizana kuti Activision ipitirize ntchito yake koma izipereka kenakake kwa Atari. Chaka chomwecho gemu ya a Crane yotchedwa Pitfall! idatuluka ndipo idagulidwa ndi anthu oposa 4 miliyoni.

Khomo litatseguka chomwecho, aliyense adathamangira kulowa. Ngakhale kampani ya Quaker Oats, yodziwika ndi zakudya za m'mawa, idakhala ndi nthambi yake yopanga magemu. Masitolo adadzaza ndi makatiriji osapangidwa bwino, mitengo idagwa, ndipo ogula adataya chikhulupiriro. Msika womwe udafika pa madola pafupifupi 3.2 biliyoni mu 1983 udatsika kufika pa madola pafupifupi 100 miliyoni mu 1985.

Kawirikawiri mlandu wa kugwaku umakankhiridwa kwa makampani akunja, koma Atari nayo idali ndi mbali yake. Gemu yake ya E.T. ya mu 1982 idapangidwa mothamanga m'masabata asanu okha kuti ipezeke m'masitolo pa Khirisimasi, ndipo ogula ambiri adaibweza. Mu 1983 kampaniyo idakakwirira makatiriji otsala kudzala la ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico, komwe ena adafukulidwa mu 2014.

Omwe adatolapo phunziro ndi a Nintendo. Pomwe ankalowetsa makina awo a NES pa msika wa ku America mu 1985, adaikamo kachipangizo kotchedwa 10NES komwe kankakana katiriji iliyonse yopanda chilolezo. Kampani yakunja yofuna kupanga gemu inkayenera kusaina mgwirizano wokhala ndi mfundo zolimba: magemu asapitirire asanu pachaka, makatiriji apangidwe ndi Nintendo ndipo alipiriridwe asadapangidwe, komanso gemuyo isatuluke pa makina a kampani ina kwa zaka ziwiri.

Mfundozi zidathandiza kubwezeretsa chikhulupiriro cha ogula, koma zidaikanso chiopsezo chonse pamapewa a makampani akunja, popeza gemu ikalephera pa msika, Nintendo inkakhala italandira kale zake. Ena adafuna njira zozembera. Kampani ya Konami idatsegula kampani ina yotchedwa Ultra Games mu 1988 n'cholinga choti ipeze malo a magemu ena asanu.

Kuchokera nthawi imeneyo, mwini makina wakhala ngati mwini msika yemwe amadulitsa chiphaso aliyense woyala malonda. Ichi n'chifukwa chake makampani ena amalolera kugulitsa makina pamtengo wotsika kuposa ndalama zomwe adawapangira, monga momwe Sony idachitira ndi PlayStation 3 mu 2006. Amadziwa kuti ndalamazo zidzabwerera kudzera m'gawo lomwe amadula pa gemu iliyonse.

Komatu mphamvu sizikhala mbali imodzi nthawi zonse. Makina opanda magemu abwino sagulidwa, ndipo makampani akunja akakwiya amatha kusamuka. Sony itatulutsa PlayStation mu Disembala 1994, idagwiritsa ntchito zimbale za CD, zomwe zidali zotsika mtengo ndiponso zosunga zinthu zambiri kuposa makatiriji. Nintendo idakakamirabe makatiriji pa makina ake a Nintendo 64 a mu 1996. Kampani ya Square, yomwe magemu ake asanu ndi imodzi oyamba a Final Fantasy adatuluka pa makina a Nintendo, idasamukira kwa Sony, ndipo Final Fantasy VII idatuluka mu 1997 pa zimbale zitatu za PlayStation. Kusamuka kumeneku kudathandiza kwambiri kuti Sony itsogole pa msika wa zaka zimenezo.

Kampani ya Sega ndiyo idaoloka malire onse. Itapikisana ndi Nintendo kwa zaka zambiri, idasiya kupanga makina ake a Dreamcast mu 2001 n'kusanduka kampani yakunja. Chaka chisadathe, Sonic, yemwe adapangidwa kuti alimbane ndi Mario, adaoneka pa makina a Nintendo.

Gulu la pakati lija ndilo limasokoneza anthu ambiri, ndipo mawu oti second-party amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi atolankhani ndi osewera kusiyana ndi makampani eni ake. Amanena za situdiyo yoima payokha yomwe imapangira magemu mwini makina mmodzi, mwina chifukwa cha mgwirizano kapena chifukwa choti mwini makinayo ali ndi masheya m'menemo. Apa m'pomwe funso la umwini limaonekera bwino, chifukwa wopanga gemu kawirikawiri sakhala mwini wa dzina lake kapena wa anthu ndi nyama za m'nkhani yake.

Chitsanzo chodziwika ndi situdiyo ya Rare ya ku Twycross m'dziko la England, yomwe idakhazikitsidwa ndi abale awiri, a Tim ndi a Chris Stamper. Iyo idapangira Nintendo magemu a Donkey Kong Country mu 1994, GoldenEye 007 mu 1997 ndi Banjo-Kazooie mu 1998, ndipo masheya a Nintendo m'kampaniyo adafika 49 peresenti. Osewera ambiri ankaiona ngati mwana wa m'nyumba ya Nintendo. Koma mu Seputembala 2002 Microsoft idaigula pamtengo wa madola 375 miliyoni, ndipo katundu adagawidwa ngati banja latha. Donkey Kong ndi Diddy Kong adatsala kwa Nintendo ngakhale Diddy adapekedwa ndi a Rare, pomwe Banjo ndi Kazooie adapita kwa Microsoft.

Nkhani ya Crash Bandicoot ndi yodabwitsa kuposa pamenepa. Gemuyi idapangidwa ndi situdiyo ya Naughty Dog, idafalitsidwa ndi Sony mu 1996, ndipo kwa ana a nthawi imeneyo Crash adali ngati chizindikiro cha PlayStation. Koma mwini wa dzinalo adali kampani ya Universal Interactive. Sony itagula Naughty Dog mu 2001, idatenga antchito koma Crash adatsala. Umwini wake udadutsa m'manja mwa Vivendi n'kukafika kwa Activision, zomwe zikutanthauza kuti kuyambira mu 2023 Crash ndi wa Microsoft, mdani wa Sony pa malonda.

Situdiyo ya FromSoftware ya ku Japan idakumana ndi zofananako. Gemu yake ya Demon's Souls ya mu 2009 idapangidwa mothandizana ndi Sony, ndipo dzinalo ndi la Sony. Akuluakulu a Sony sadaikhulupirire kwenikweni, moti ku America idafalitsidwa ndi kampani ya Atlus. Itatchuka, FromSoftware idapitiriza kapangidwe komweko pansi pa dzina lina la Dark Souls mu 2011 mogwirizana ndi kampani ya Namco Bandai, ndipo gemuyi idatuluka pa PlayStation ndi pa Xbox pomwe. Mu 2022 Sony idagula masheya pafupifupi 14 peresenti m'situdiyoyi, koma mwini wamkulu ndi kampani ya Kadokawa.

Nayo Pokémon, yomwe ambiri amaiyesa ya Nintendo yokha, ili ndi eni atatu: Nintendo, Game Freak ndi Creatures. Game Freak, yomwe idapanga magemu oyamba mu 1996, ndi kampani yoima payokha ndipo nthawi zina imagwira ntchito ndi ena. Mu 2015 idapanga gemu ya njovu yotchedwa Tembo the Badass Elephant, dzina lomwe wowerenga kuno angaliyese la mfunda pomwe m'Chiswahili tembo ndi njovu. Idafalitsidwa ndi Sega ndipo idatuluka pa PlayStation 4, Xbox One ndi makompyuta, osati pa makina a Nintendo.

Ubale wa wopanga ndi wofalitsa uli ndi zovuta zake ngakhale mwini makina asalowererepo. Ofalitsa akuluakulu monga Electronic Arts ndi Ubisoft ali ndi masitudiyo awoawo, koma ena amalemba ganyu situdiyo yakunja. M'mgwirizano wotere wofalitsa amapereka ndalama pang'onopang'ono, gawo lililonse la ntchito likatha ndi kuvomerezedwa. Gemu ikayamba kugulidwa, wofalitsa amayamba wabweza ndalama zake zonse wopanga asadaone gawo lililonse la phindu. Alimi a fodya wa pakontirakiti, omwe amalandira feteleza ndi mbewu pangongole n'kudulidwa pogulitsa, sangavutike kumvetsa dongosolo limeneli.

Zikatere mawu amodzi a m'mgwirizano amatha kusintha tsogolo la situdiyo. Kampani ya Obsidian idapangira Bethesda gemu ya Fallout: New Vegas mu 2010. Mmodzi mwa akuluakulu a Obsidian pa nthawiyo, a Chris Avellone, adaulula mu 2012 kuti situdiyoyo idalandira malipiro okhazikika opanda gawo la phindu, ndipo bonasi ikadaperekedwa gemuyo ikadapeza malikisi 85 pa Metacritic, malo a pa intaneti omwe amaphatikiza ndemanga za akatswiri. Idapeza 84. Gemuyo idagulidwa kwambiri ndipo imatamandidwa mpaka lero, koma bonasi sidaperekedwe.

Kubwera kwa masitolo a pa intaneti, monga Steam ya kampani ya Valve yomwe idayamba mu 2003, kudakulitsa gulu lachinayi, la opanga oima paokha otchedwa indie. Munthu sasowanso fakitale ya zimbale kapena malole onyamula katundu. A Eric Barone a ku America adapanga okha gemu ya ulimi ya Stardew Valley kwa zaka zoposa zinayi, ndipo chitulukire mu 2016 yagulidwa koposa ka 40 miliyoni.

Komabe kuima pawekha sikutanthauza kuti palibe wodula gawo. Mtengo wozolowereka m'masitolowa ndi 30 peresenti ya ndalama zogulitsira. Kampani ya Epic Games idatsegula sitolo yake mu Disembala 2018 n'kumadula 12 peresenti, ndipo mu 2021 Apple ndi Google adatsitsa gawo lawo kufika pa 15 peresenti kwa opanga ang'onoang'ono. Ambiri mwa oima paokhawa amafunabe wofalitsa woti awathandize kudziwika pakati pa magemu zikwizikwi otuluka chaka chilichonse. A Barone adayamba ndi kampani ya Chucklefish asadayambe kudzifalitsira okha, ndipo situdiyo ya Free Lives ya ku Cape Town idatulutsa gemu yake ya Broforce mu 2015 kudzera mwa Devolver Digital ya ku America.

Dzina loti indie nalo lidadzetsa mkangano mu 2023 pomwe gemu ya Dave the Diver idasankhidwa kupikisana nawo m'gulu la oima paokha pa mphoto za The Game Awards. Maonekedwe ake adali a gemu yaing'ono, koma situdiyo ya Mintrocket yomwe idaipanga idali nthambi ya Nexon, imodzi mwa makampani akuluakulu a magemu.

M'zaka zaposachedwapa eni makina akhala akugula masitudiyo kuti magemu omwe adali akunja akhale a m'nyumba. Microsoft idagula Mojang, eni Minecraft, pa madola 2.5 biliyoni mu 2014, Obsidian mu 2018, ndi ZeniMax, eni Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni mu 2021. Motero makampani awiri a nkhani ya bonasi ija tsopano ali pansi pa bwana mmodzi. Sony idagula Insomniac, opanga Marvel's Spider-Man, pa madola 229 miliyoni mu 2019, ndi Bungie pa madola 3.6 biliyoni mu 2022. Bungie yomweyi ndiyo idapanga Halo ili m'manja mwa Microsoft, ndipo pochoka mu 2007 idasiya Halo komweko.

Nkhawa ya a Sony pa Call of Duty idali ndi maziko, chifukwa gemu ya Bethesda ya Starfield potuluka mu 2023 idapezeka pa Xbox ndi makompyuta okha. Pofuna kuti mabungwe aja avomereze kugula Activision, Microsoft idasaina mapangano a zaka khumi oti Call of Duty izipezeka pa makina a Nintendo ndi a Sony. Bungwe la CMA la ku Britain lidakana malondawa mu Epulo 2023, ndipo lidavomera Microsoft italola kugulitsa kwa Ubisoft ufulu woseweretsa magemu a Activision kudzera pa intaneti. Bungwe la FTC la ku America lidagonja kukhoti mu Julayi 2023 ndipo lidasiya mlanduwo mu Meyi 2025. Kampani yomwe idayambitsa gulu la third-party mu 1979 idalowa m'nyumba ya mwini makina patatha zaka 44.

Chodabwitsa n'choti kugula konseku kwachititsa malire a magulu aja kufufutika. Gemu ya Deathloop idatuluka pa PlayStation 5 mu Seputembala 2021, eni ake ali kale m'manja mwa Microsoft, ndipo idafika pa Xbox patatha chaka chifukwa cha mgwirizano wakale ndi Sony. Chaka chomwecho cha 2021 gemu ya baseball ya MLB The Show, yopangidwa ndi situdiyo ya Sony, idatuluka pa Xbox. Mu Epulo 2024 gemu ya Rare ya Sea of Thieves idafika pa PlayStation 5, ndipo Forza Horizon 5 idatsatira mu 2025. Mtengo wopangira magemu akuluakulu wakwera kwambiri moti ogula a makina amodzi sakwanira kubweza ndalama.

Kwa wosewera izi zikhoza kukhala nkhani yabwino, koma kwa antchito kulowa m'nyumba ya mwini makina sikudabweretse chitetezo chomwe ambiri ankayembekeza. Mu Januwale 2024, patangotha miyezi itatu chigulireni Activision, Microsoft idachotsa ntchito anthu 1,900 m'nthambi yake ya magemu. Mu Meyi idalengeza kutseka masitudiyo angapo a Bethesda, kuphatikizapo Arkane Austin ndi Tango Gameworks ya ku Tokyo.

Tango idali itangotulutsa gemu ya Hi-Fi Rush mu Januwale 2023, yomwe idayamikiridwa kwambiri mpaka kupata mphoto ya BAFTA masabata ochepa chilengezocho chisadachitike. Mu Ogasiti 2024 kampani ya Krafton ya ku South Korea idatenga situdiyoyo pamodzi ndi umwini wa Hi-Fi Rush. Magemu ena awiri omwe antchito a Tango adapeka, The Evil Within ndi Ghostwire: Tokyo, adatsala m'manja mwa Microsoft.